Timba wa Amayi, Kakowa wa Abambo

Pa mdadada wathu panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Tonse tinkangoti a Utuchi, chifukwa anagwira ntchito pa makina ochekera matabwa kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu, ndipo akamaweruka utuchi unkakhala paliponse: m'tsitsi, m'nsidze, m'makutu, m'mapindiro a buluku. Akazi awo ankati mutawakutumula bwino mukhoza kupeza wokwanira kuyalira anapiye. Eni ake sankakwiya nalo dzinalo. Mwinanso pofika nthawi imene ine ndinawadziwa, sankalimva n'komwe.

Ine ndimaluka tsitsi pakhonde panga. Nyumba yanga ndi yawo zinali za khoma limodzi, khoma lopyapyala loti mnzako akatsokomola uko, iwe kuno umati pepani. Choncho zambiri zimene ndikunenazi sindinachite kufunsa. Zinkandipeza zokha ndili pa ntchito yanga.

A Utuchi anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wa manja akuluakulu okhakhala. Ndinafikako kamodzi kuntchito kwawo, ndikufuna thabwa lokhomera benchi ya makasitomala. Linali shedi lalitali la malata, lopanda mazenera, fumbi likuyandama m'timizere ta dzuwa tolowera m'mabowo a denga. Chimacheka chozungulira chinkalira moti mano ankachita kuyabwa. Anthu mmenemo sankalankhulana, ankangokodolana ndi kulozerana. A Utuchi ankaima polowera thabwa, akulikankha ndi manja ndi mimba yomwe, maso ali pa mzere. Zotseka m'makutu abwana awo anazibweretsa mochedwa, makutuwo atapita kale. Loyamba kufa linali lamanzere. Lamanja linatsala ndi kakhomo kakang'ono kolowa mawu okuwa okhaokha.

Akazi awo anali telala, ndipo tinkawatchula choncho, mayi Telala. Anali afupi, onenepa pang'ono, pakamwa posauma nkhani. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pazenera la pabalaza, ndipo ankasoka mayunifolomu a ana a mdadada wonse. Matenda a shuga ndi amene anawalanda maso, pang'onopang'ono ngati wakuba wosafulumira. Poyamba ankangolephera kulowetsa ulusi pa singano, ndiye a Utuchi asanapite kuntchito ankawalowetsera. Kenako anayamba kusokoneza nsalu yabuluu ndi yobiriwira. Tsiku lina anasokerera chala chawo ku kolala ya malaya a mwana wa munthu. Kuyambira pamenepo makina anafunditsidwa nsalu n'kusanduka tebulo loikapo wailesi ndi mabotolo a mankhwala.

Sipanapite nthawi a Utuchi nawo anawapumitsa ntchito. Thabwa linabwerera m'mbuyo pa macheka, anzawo anakuwa, iwo osamva, ndipo linangotsala pang'ono kuphwanya munthu nthiti. Abwana anawagwira chanza bwinobwino n'kuwauza kuti akapume.

Ndiye anatsala awiriwiri m'nyumbamo, wina wosaona, wina wosamva. Mwana wawo anali mmodzi yekha, wamkazi, mphunzitsi, wokwatiwa ku mzinda wina kutali. Kunena zoona ankakwanitsa ndithu. M'mawa a Utuchi ankawerenga timizere ta pa jakisoni, maso atafinya, n'kuwabaya akazi awo pantchafu. Ankaphika, kuchapa, kusesa, ndipo mipando sankaisuntha ngakhale pang'ono kuti mayi asapunthwe. Mayi Telala ndiye anali makutu a nyumba. Munthu akagogoda, kapena madzi akawira m'ketulo, ankawakoka amuna awo malaya. Akafuna kulankhula ankafufuza phewa, kukwera nalo mpaka khutu lamanja, n'kukuwiramo. Chinsinsi m'banja limenelo munalibe. Tsiku limene a Utuchi anatsegula m'mimba, mdadada wonse tinadziwa, ndi mankhwala ake omwe.

Kuseri kwa nyumba zathu kunali kampanda ka zitsamba, ndipo kupitirira apo ngalande. Madzi ochokera kotsukira magalimoto ndi a pa mpopi ankasonkhana pamalo ena otsika n'kupanga chithaphwi chosaphwa ngakhale m'chilimwe, chobiriwira m'mbali, mapepala apulasitiki ali yandayanda. A Utuchi anakhoma benchi pansi pa zenera la bafa lawo, moyang'ana komweko. Akamaliza ntchito za m'mawa ankawagwira mkono akazi awo n'kukakhala nawo pamenepo kuothera dzuwa. Mkangano wa mbalame unayambira pa benchi imeneyo.

Pa chithaphwicho pankabwera kakowa mmodzi, woyera mbee, miyendo yaitali yakuda. Ankatera mwakachetechete, n'kuima m'madzimo khosi atalipinda, osagwedezeka. A Utuchi ankamukonda koopsa.

"Wabwera bwana uja," ankatero, mawu ali pamwamba poti sankadzimva. "Taonani mmene waimiramo. Madzi onyansa chonchi, koma malaya ake alibe ndi kadontho komwe."

"Ndione ndi chiyani, bambo?" mayi Telala ankayankha. "Inu mverani uyu ali m'mpandamu. Timba wanga wayamba."

"Mwati chiyani?"

"Timba! Akuimba!"

"Mbalame siimba, imalira."

"Zanuzo ndiye zimalira. Wangayu amaimba."

A Utuchi ankapendeketsa mutu, kuloza khutu lamanja kumpanda, n'kudikira. Kenako ankapukusa mutu. Ankati m'mpandamo mulibe kanthu, mayi akungopeka kuti nawonso akhale ndi mbalame yawo. Mayi Telala nawo ankati kakowayo ndi thumba lapulasitiki loyera lokodwa pa kamtengo, bambo akalamba maso ngati iwo omwe.

Makasitomala anga ankaseka mpaka kugwedeza mutu, ine n'kumalakwitsa mzere. Koma awiriwo ankaitenga nkhaniyo mozama. A Utuchi ankati kakowa ndi mbalame yodziwa ntchito: saononga mawu, sathamangathamanga, amadikira mpaka chule adziiwale, kenako khosi lija tambasu, kamodzi kokha, basi wadya. Timba ndi chiyani? Kanthu kosakwana ndi m'dzanja momwe, kopanda mnofu, kongodziwa phokoso ngati amayi a pa mpopi. Mayi Telala ankati chimbalame chodya m'ngalande n'chosafunika kuchitamanda, kuyera kwake n'kwa pamwamba pokha ngati munthu wovala suti wosasamba. Anati anachimvapo kamodzi chikuuluka, mawu ake ngati chitseko cha dzimbiri. Koma timba, mmene wacheperamo, akatsegula pakamwa bwalo lonse limadzaza.

"Mbalame yoti munthu sungaione ndi mbalame imeneyo?" a Utuchi ankafunsa.

"Nanga yoti sungaimve?"

Nthawi zina ankandiitana kuti ndiweruze. Ine ndinkati zonse ziwiri zilipo, ndipo onse awiri ankandinena kuti ndine wandale.

Tsiku la ngoziyo ndinali nditapita mtauni kukagula meshi ndi mafuta a tsitsi. Anthu ena onse a mdadada anali ku ntchito, ana ku sukulu. Mayi Telala anati atsalira kuti asambe kaye, poti njira ya kubafa ankaidziwa ndi manja. A Utuchi anawaikira madzi, sopo ndi thaulo pamalo ake a masiku onse, n'kutsogola ku benchi. M'mawa umenewo pa chithaphwi panatera akakowa awiri, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Ndinabwerako dzuwa lili pamutu. Ndikutsegula chitseko changa ndinamva kamawu kuseri kwa khoma, kosasa, ngati ka mwana wa mphaka. Ndinaponya katundu pansi n'kuthamangira kwawo. Ndinawapeza ali gone pa simenti ya m'bafa, madzi atawazizirira pathupi, milomo itatuwa, mwendo umodzi utapotokera kunja. Anaterereka pa sopo. Anali ataitana mpaka mawu kutha.

"Abambo ali kuti?" ndinafunsa ndikuwafunditsa thaulo.

"Ali pompa," ananong'ona. "Paseri pa zenerali. Ndakhala ndikuwamva akutsokomola. Pena amaseka."

Nditazungulira kuseri ndinawapezadi pa benchi, msana utatsamira khoma la bafa lomwelo, nkhope ili mwee. Atandiona anandikodola ndi chimwemwe, akuloza ku chithaphwi ndi zala ziwiri. Sindinakuwe. Ndinangowagwira dzanja n'kuwakoka. Zimene nkhope yawo inachita atafika pakhomo la bafa sindifuna kuzikumbukira kawirikawiri.

Kuchipatala anati fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo chifukwa cha shuga lidzachedwa kulumikizana. Anakhalako nthawi yaitali. A Utuchi ankapita tsiku lililonse wapansi, atanyamula fulasiki ya tiyi ndi buledi, n'kukakhala pambali pa bedi osalankhula, poti m'wodi simololedwa kukuwa.

Mwana wawo, mphunzitsi uja, anabwera. Anali mayi wodekha, wa nkhope yotopa, ndipo sindimuweruza. Atatulutsidwa mayi ake m'chipatala, anawakhazika pansi makolo ake pabalaza. Poti zonse zinkayenera kudzera m'khutu lamanja lija, ine ndinamva mawu alionse ngakhale sindinafune.

"Abambo, amayi ndiwatenga. Akakhale kwa ine."

"Tonse?"

"Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, abambo. Ana akugona pabalaza. Amayi akagona ndi mdzukulu wanu wamkulu, aziwamva usiku akafuna kanthu. Malo a anthu awiri palibe. Tikapeza nyumba yokulirapo mudzabwera."

Kenako a Utuchi anayamba kufotokoza nzeru imene anaiganiza ali kuchipatala. Anati agula chingwe chachitali, mbali ina azimanga pa mkono wa mayi, ina pa mkono wawo. Mayi akafuna kanthu azingokoka. Anali atagula kale chingwecho, ndipo ndinamva akutsegula kabati kuti amuonetse. Mwanayo anayamba kulira.

"Amayi si mbuzi, abambo."

"Sindinati ndi mbuzi. Ndati ndizimva."

Amene anaidula nkhaniyo anali mayi Telala eni ake. Sanakuwe, moti amuna awo sanamve. Anangoti, "Ndipita, mwanangu. Longedza."

Madzulo ake ndinalowa kukawapesa tsitsi kuti ayende ali bwino. Ndikuwaluka anandigwira dzanja.

"Mwanangu, usaganize kuti ndawakwiyira. Munthu uja sanandilakwirepo chilowereni m'nyumba muno. Koma tsopano ndikamva akutsokomola, thupi lonse limandizizira ngati ndili pa simenti paja. Ndayesa kuti zichoke, zikukana."

Anapita m'mawa pa galimoto ya mnzake wa mpongozi wawo, atawagoneka kumbuyo pa matiresi. A Utuchi anathandiza kuwanyamula. Anawakonzera pilo, kuwafunditsa mapazi, n'kuika botolo la mankhwala m'dzanja la mwana wawo, akumulozera kamzere koyenera ngati kuti mphunzitsi sadziwa kuwerenga. Galimoto itanyamuka anaima pamsewu mpaka fumbi litatha, kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Vuto linaoneka pa foni. Mayi sakanatha kuwerenga uthenga, bambo sakanatha kumva mawu. Anthu amene anakhala limodzi moyo wawo wonse analibenso njira yofikirana. Ndiye ntchito inagwera ine. Lamlungu masana mphunzitsi ankaimba pa foni yanga, ine n'kupita nayo kwa a Utuchi. Ndinkamvera zimene mayi anena, n'kuzikuwira m'khutu lamanja, kenako n'kuwaikira foni pakamwa kuti ayankhe.

"Akuti mukudya?"

"Auzeni ndikudya."

"Lankhulani nokha, akukumvani."

"Ndikudya, mayi!"

"Akuti juzi yanu yabulauni ili pansi pa sutikesi, kwayamba kuzizira."

Zinthu zina munthu sunganene kudzera pakamwa pa mwana wa eni ake. Ndinkamva mayi Telala akuyamba mawu, kenako n'kuwameza. A Utuchi nawo ankayang'ana foniyo ngati akufuna kulowamo, n'kungomaliza ndi kufunsa za mwendo.

Lamlungu lina mayi anafunsa kuti, "Timba wanga akuimbabe?" Anati kumene aliko n'kumtunda kwa nyumba yosanja, kumangomveka magalimoto ndi wailesi za anthu. Ndinawakuwira a Utuchi funsolo. Anandiyang'ana ine.

"Akuimba?"

Ndinachita manyazi. Mbalame ndimazimva, koma kusiyanitsa kuti uyu ndi timba, uyu ndi wina, sindinaphunzirepo. Ndinati mwina. A Utuchi sanakhutire ndi mwina ameneyo.

Kuyambira tsiku la ngozi anali asanakhalenso pa benchi ija. M'mawa wotsatira ndinawaona akuinyamula, n'kukaiika tsidya lina la mpanda, msana kulozetsa ku chithaphwi. Anakhala pamenepo maso ali m'zitsamba. Kakowa ankabwera ndithu n'kumaima m'madzi mwake, koma iwo osacheuka. Anachita zimenezi masiku ambiri, mpaka makasitomala anayamba kunong'onezana kuti mutu wa bambowa wayamba kusokonekera.

Tsiku lina ndili pakati poluka munthu, a Utuchi anafika pakhonde panga, akupuma mofulumira.

"Ndamuona," anatero. "Alipodi."

Anakhala pa benchi ya makasitomala, chipewa chili m'manja. Anati ndi kanthu kotuwa, kochepa ngati chala chachikulu, kamchira kali njo m'mwamba. Kanatera pa kanthambi pafupi ndi bondo lawo. Kenako kanatsegula kukamwa, pakhosi n'kumanjenjemera, mchira ukugwedezeka, thupi lonse mpaka timiyendo tikugwira ntchito.

"Kamachita kudzipereka konse, mwanangu. Kakowa ndinkamutama kuti ndi wantchito, koma uja amangoima. Aka ndiye kamakhetsa thukuta. Ndinakayang'ana mpaka kanamaliza." Anatembenuza chipewa chija. "Koma kwa ine kamangotsegula kukamwa basi. Palibe chimatuluka."

Kenako anafunsa motsitsa mawu, mwina koyamba chiwadziwireni: "Ndiye tsiku lija mayi anachita chonchi m'mawa wonse?"

Mayi amene ndinkamuluka anaweramitsa mutu.

Lamlungu lotsatira a Utuchi sanadikire kufunsidwa. Anailanda foni m'manja mwanga n'kukuwa kuti, "Mayi, timba wanu ndamuona! Munkanena zoona!" Ndinaibweza kukhutu kwanga kuti ndimve yankho. Kunamveka kufwenthera. Mayi Telala anati, "Muwauze kuti kakowa wawonso ndinkadziwa kuti alipo. Ndinkamva mapiko ake akamatera." Ndinawakuwira zimenezo. Anagwedeza mutu, n'kutuluka panja.

Nyumba yokulirapo ija sinapezeke. Chiuno cha mayi sichinalumikizane bwino, ndipo pa chidendene panatuluka bala losapola. A Utuchi anapitako kamodzi pa basi, mphunzitsi atawatumizira tikiti. Anagona pa mpando wa pabalaza pamodzi ndi adzukulu, ndipo anabwerako msanga poti mpongozi wawo ankachita kudutsa cham'mbali pabalazapo popita kuntchito. Nditawafunsa za ulendo anangoti mayi achepa thupi, dzanja lawo lapepuka ngati pepala. Anati masana onse ankakhala pambali pa bedi, mayi akuwasisita kumutu, ndipo anawadzudzula kuti tsitsi lakula ngati la wamisala. Anandipempha kuti ndiwamete. Ine sindimeta amuna, koma tsiku limenelo ndinabwereka lezala ndi sizasi.

Mayi Telala anamwalira nyengo yozizira isanathe. Foni inalira m'mawa ndili kuchapa. Nditamva mawu a mphunzitsi ndinadziwiratu. Ndinaima pakhomo pawo nthawi yaitali ndisanalowe, ndikuganiza kuti mawu amenewa ndiwakuwa bwanji, mdadada wonse ukumva. Ndinawapeza akusita malaya. Anandiyang'ana, anayang'ana foni ili m'dzanja langa tsiku losakhala Lamlungu, n'kuimika simbi pambali. Sindinafunikenso kukuwa.

Atabwerako kokaika maliro anakhala yekha miyezi ingapo. Ankasesabe pakhomo m'mawa, koma kuphika anasiya, ankangomwa tiyi. Miyendo inayamba kutupa. Mphunzitsi anabweranso, ndipo ndinamumva kudzera kukhoma akukuwa mawu amene ndikudziwa kuti anamuwawa kuwatulutsa.

"Abambo, tiyeni. Malo apezeka tsopano."

"Malo ake ati?"

A Utuchi anafunsanso:

"Bedi lomwe lija?"

"Lomwelo, abambo."

Anakana ulendo umenewo. Anakananso wachiwiri. Wachitatu, atagwa ndi chizungulire pamzere wa pa mpopi, sanatsutsenso. Katundu wawo yense anakwana m'sutikesi imodzi ndi bokosi la zipangizo: hamala, tchizulo, sowo ndi timisomali ta m'chitini. Zotsalazo anagawira anthu a mdadada. Potsanzikana anandigwira manja onse awiri, n'kunena kuti ndawathandiza ngati mwana wobala okha, ndipo ndizisamala msana poti ndimawerama kwambiri poluka.

Mphunzitsi amaimbabe mwa apo ndi apo. Akuti masiku ano bambo ake amakhala pakhonde la kumtunda kuja, akukonza mipando yothyoka imene iye amawabweretsera kuchokera ku sukulu. Akuti ntchito yawo ndi yaukhondo moti aphunzitsi anzake ayamba kubweretsa ya kunyumba kwawo. Khutu lamanja lija nalo latsekeka. Kudya akuti amadya pang'ono, akawakakamiza.